Magweru m'makomboni: ulalo wa mano ukufika kwa ndani?

M'kwaya ya amai ya mpingo wina ku Matero muli mai amene kwa zaka zambiri ndiwo anali kuyambitsa nyimbo. Caka catha anazulitsa mano awiri akutsogolo, limodzi mu Marici, lina mvula itayamba. Kucokera pamenepo amaima mzere wakumbuyo, ndipo akafuna kuseka amayamba aphimba pakamwa ndi nsonga ya citenje. Mau ao ali cikhalire. Tsiku lina titaweruka mapemphero anafunsa namwino wina wa mumpingo momwemo za cinthu cimene anamva pa wailesi, cochedwa bridge, cimene akuti cimabwezera mano osacokanso. Namwinoyo atawauza kuti mtengo wake ku makiliniki olipira umawerengedwa m'masauzande a Kwacha, maiwo anangoti, "Basi, n'za a ku Kabulonga izo."

Yankho lao lili ndi coonadi, koma nkhaniyi siithera pa mtengo. Aliyense woyenda pa minibasi ya ku Kanyama, ku Chawama kapena ku George angawerenge yekha magweru m'kamwa mwa anyamata oitanira ndi amai ogulitsa tomato, anthu amene sanafike zaka 40. Buku la Mlaliki, caputala 12, limachula kucepa kwa mano pakati pa zizindikiro za ukalamba. Kwathu kuno cizindikiro cimeneco cikufika anthu akali kubereka ana.

Tiyambe ndi bridge weniweniyo, cifukwa ambiri amangomva dzina. Liuli limatanthauza ulalo, ndipo kagwiridwe kake ndi komweko. Pamene pazuka dzino patsala mpata, ndipo mbali zonse ziwiri pali mano amene atsala. Dokotala amapala mano awiri a m'mbaliwo mpaka acepe ngati tizitsa, n'kudinda cithunzi ca m'kamwa ndi phala louma msanga. Cidindoco cimapita kwa mmisiri wa mano, amene amaumba mano atatu olumikizana: awiri ali ngati tizipewa tovala pa tizitsa tija, lapakati ndilo lodzaza mpata. Zonse zimamatidwa ndi simenti ya mano, ndipo mwini wake sangazicotse. Ndiye kuti pofuna kubwezera dzino limodzi munthu amalipira atatu, ndiponso mano awiri amene mwina analibe vuto amapalidwa, osadzabwereranso mwakale. Ulalo wosamalidwa bwino ungakhale zaka khumi kapena kuposa. Koma zakudya zimabisala pansi pa dzino lapakatilo, pamene mswaci wamba sufika, ndipo limodzi la mano ocirikiza likaola ulalo wonse umagwa. Mpata wa dzino limodzi umasanduka wa awiri kapena atatu.

Pali ulalo wina umene safuna kupala kwambiri, womatidwa ndi kaphiko kumbuyo kwa dzino loyandikana, ndipo umayenera bwino dzino limodzi lakutsogolo. Pali implant, kamsomali ka citsulo ca titanium kolowetsa m'fupa la nsagwada, kamene mtengo wake uposa zonse. Palinso mano oikirira a pulasitiki, ovula pogona, amene ndiwo ochipa. Kwa munthu wa m'komboni, ndi otsirizawa okha amene angakambidwe pa msonkhano wa banja anthu osaseka.

Masamu ake ndi osavuta. Mu Januwale 2024 malipiro otsikitsitsa a wanchito wa m'nyumba anaikidwa pa K1,300 pamwezi. M'caka comweco bungwe la JCTR, limene limawerengera zofunika pa banja la anthu asanu mu Lusaka, linapeza kuti mtengo wa zofunikazo wapitirira K10,000 pamwezi. Mai wa ku Kalingalinga kapena ku Mtendere amene amayenda pansi m'mawa kukacapa ndi kusesa ku mayadi sangaike pambali malipiro a miyezi ingapo cifukwa ca mano, ana akali kufuna unga ndi lendi ikudikira. Akayesa kutero, nthawi zambiri ndi kudzera mwa kaloba, ndipo tonse tidziwa kumene njira imeneyo imathera.

Funso loyenera kufunsa coyamba ndi lakuti mano ambiri cotere akuzukiranji. Dzino siliola usiku umodzi. Tizirombo ta m'kamwa timadya shuga n'kutulutsa asidi, asidiyo n'kumasungunula cikopa colimba ca dzino pang'onopang'ono, kwa miyezi kapena zaka. Pa nthawi yonseyo kabowo kangamatidwe pa ulendo umodzi. Koma kabowo kakang'ono sikapweteka kwambiri, ndipo munthu wodya ca tsiku lomwelo sasiya kantemba kake kapena ganyu yake kukakhala pa benci ya kucipatala cifukwa ca dzino longonyerenyesa akamwa madzi ozizira. Amagula Panado. Ena amaika fodya wa mphuno pabowo, ena aspirin, amene amangowocha nkhama, ndipo alipo amene amafika podonthezapo madzi a m'batire ya galimoto. Akadzafika ku kiliniki tsaya litatupa, osagona mausiku atatu, kuola kwafika kale pa mtsempha. Cotsala ndi kucotsa mtsemphawo ndi kutseka muzu, nchito ya maulendo angapo ndi ndalama zambiri, kapena kuzula. Wodwalayo mwini ndiye amayamba kupempha kuti, "Ingocotsani."

Komabe si cilungamo kuika mlandu wonse pa wodwala. Zipatala za ku Matero, Chilenje, Kanyama, Chawama ndi Chipata zinakulitsidwa ndi thandizo la boma la Japan kuti anthu asamathamangire ku UTH pa matenda alionse, ndipo zimenezo zinathandiza. Kuyambira mu 2012 boma linacotsa malipiro pa cithandizo coyambirira m'dziko lonse. Koma cipinda ca mano cili ndi zofuna zake. Kuti dzino limatidwe mwa njira yozolowereka pafunika mpando wogwira nchito, makina obowola, mpweya wopopa, madzi oyera, magetsi, ndi mankhwala omatira amene amagulidwa kunja ndi madola. Kuzula kumafuna jekeseni, mpaniro wowiritsa bwino ndi thonje. Pakasowa cimodzi mwa zoyambazo, kapena pakhomo pakakhala anthu makumi angapo ogwira tsaya, wanchito wa zaumoyo amacita cimene cingatheke kuti aliyense apite kunyumba ululu utatha. Caka ca 2024 cinationetsa zimenezi poyera. Cilala citacepetsa madzi ku Kariba, m'madera ambiri a Lusaka malaiti anali kubwera maola atatu cabe patsiku. Kiliniki yaing'ono kapena mmisiri wa mano amene anagwira nchito miyezi imeneyo anaigwira ndi jenereta, ndipo mtengo wa mafuta unagwera wodwala.

Anthu odziwa nchitoyi naonso ndi ocepa. Kwa zaka zambiri Dental Training School ya ku Thorn Park ndiyo inali kuphunzitsa akatswiri ozula, omata ndi otsuka mano, pamodzi ndi amisiri oumba mano oikirira. Madokotala a mano a digiri anali kuphunzira kunja kwa dziko mpaka pamene Copperbelt University inatsegula sukulu ya zamankhwala ku Ndola mu 2011. Ciwerengero cikukwera tsopano, ndipo boma linalemba anchito a zaumoyo oposa 11,000 mu 2022. Koma dokotala amene watha maphunziro a zaka zambiri amaona msanga kumene kuli zipangizo ndi odwala olipira, ndipo kumeneko si ku John Laing kapena ku Chibolya.

Nanga NHIMA? Lamulo lake linakhazikitsidwa mu 2018, ndipo zopereka zinayamba mu 2019: wanchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro, womulemba nchito naye aonjezera 1 peresenti. Njira imeneyi imayenda yokha kwa mphunzitsi, msilikali kapena kalaliki wa m'boma. Wogulitsa salaula ku Soweto, wophwanya miyala m'mbali mwa mseu ndi wokankha wilibala ayenera kudzilembetsa okha ndi kukumbukira kulipira mwezi ndi mwezi, pa ndalama imene siidziwika kuti mawa ibwera. Ambiri a m'mipingo yathu ya m'makomboni ali m'gulu laciwirili. Ngakhale kwa amene ali ndi khadi, nzeru ndi kufunsa cipatala cisanayambe nchito kuti n'ziti zimene inshuwalansi ilipira ndi zimene munthu alipira yekha, cifukwa kucotsa ululu ndi kubwezera dzino siziwerengedwa mofanana.

Kunja kwa dziko nkhani ya mano yayamba kumveka m'misonkhano imene kale inali kukamba za malungo ndi HIV zokha. Mu 2021 maiko a m'bungwe la WHO anagwirizana kuti umoyo wa m'kamwa ulowe m'cithandizo ca anthu onse. Lipoti la bungweli la mu 2022 linati anthu pafupifupi 3.5 biliyoni padziko ali ndi matenda a m'kamwa, ndipo mu Novembala 2024 ku Bangkok kunacitika msonkhano woyamba wa dziko lonse pa nkhaniyi. Cofunika kwa ife pa zonsezi ndi cimene cinalowa pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa WHO mu 2021. Analembapo mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, mankhwala opaka ochedwa silver diamine fluoride amene amaimitsa kuola, ndi simenti yomatira yochedwa glass ionomer. Zonse zitatu ndi zoteteza dzino limene likali m'kamwa.

Simenti imeneyi ili ndi mbiri ya kwathu konkuno. Ca m'ma 1985, ku Tanzania, dokotala wa ku Netherlands dzina lake Jo Frencken anayamba kumata mano popanda makina: amakokota mbali yoola ndi tizitsulo ta m'manja, n'kudzaza bowo ndi glass ionomer. Njirayi, yodziwika ndi zilembo zakuti ART, inayesedwanso m'masukulu a ku Zimbabwe ndipo inafalikira maiko ambiri. Siifuna magetsi kapena mpando wa mtengo wapatali, ndipo kawirikawiri siifuna jekeseni. Siicita bwino pa bowo lalikulu, koma pa kabowo koyamba ka mwana wa sukulu imagwira. Silver diamine fluoride naye amangopakidwa ndi kaburashi. Coipa cake n'cakuti pamene panaola pamada bii, motero amayenera mano a ana amene adzaguluka ndi mano akumbuyo a okalamba. Ndalama ya ulalo umodzi ingamate mano a kalasi lathunthu mwa njira zimenezi. Ngati pali cinthu cimene mipingo iyenera kufunsa Unduna wa Zaumoyo ndi aphungu athu, ndi ici: kodi zinthu zitatuzi zimapezeka mwezi uliwonse m'makiliniki a m'makomboni, ndipo kodi akatswiri a mano amatuluka kupita nazo ku masukulu? Thumba la CDF linakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo lakhala likukwerabe. Makomiti a citukuko a m'mawadi amalandira mapempho a mijigo, madesiki ndi ngalande, zonse zofunika. Mkulu wa mpingo amene ali m'komiti yotere angaikeponso pempho la mpando wa mano ndi magetsi a dzuwa a cipinda cake.

Sindikunena kuti amene mano anazuka kale aiwalike. Koma apa pafunika kusiyanitsa mipata. Madokotala a mano anazindikira kalekale kuti munthu wokhala ndi mano 20 okumana bwino, akutsogolo ndi oyandikana nao, angatafune mokwanira ngakhale akumbuyo kwenikweni atacoka, ndipo WHO inatenga ciwerengero cimeneci ngati colinga mu 1992. Conco si gweru lililonse lofuna kudzaza. Wina akakuuzani kuti dzino limodzi lakumbuyo likazuka muyenera ulalo mwamsanga, funsani maganizo a dokotala waciwiri musanagulitse firiji. N'zoona kuti mano oyandikana angapendekere ku mpata ndipo la pamwamba lingatsike, koma sizicitika kwa onse mofanana, ndipo dokotala angaziyang'anire.

Mpata wakutsogolo ndi nkhani ina. Mtsikana wofunsira nchito ya m'sitolo ku Manda Hill kapena ya pa hotela adziwa kuti amuyang'ana pakamwa asanayang'ane satifiketi. Mlaliki wopanda mano akutsogolo amavutika ndi mau ena, ana a Sande Sukulu n'kumatsinana. Nkhalamba imene yatsala ndi mano owerengeka imasiya nshawa, cimanga coocha, kapenta wouma ndi nyama, n'kumakhalira phala ndi tiyi wa shuga wambiri, thupi n'kumatha ife tikuti ndi ukalamba. Kwa anthu otere mano oikirira a pulasitiki ali ngati magalasi a maso kapena ndodo yoyendera. Ali ndi zovuta zao: amafuna kuzolowera, ayenera kutsukidwa ndi kuvulidwa usiku, ndipo akavalidwa usana ndi usiku amadwalitsa nkhama ndi kuoletsa mano otsala. Pakapita zaka nsagwada imaphwa ndipo amayamba kugwedera. Komabe sapala dzino lililonse, angaonjezedwe dzino lina likazuka, ndipo amisiri ophunzira ku Thorn Park amatha kuwaumba konkuno. Dziko likafuna kuthandiza anthu ambiri pa ndalama yocepa, liyambire pamenepa.

Pamene cithandizo ceniceni cili patali, acinyengo amayandikira. Alipo anthu amene amamata mano ogula m'paketi ndi guluu kapena pulasitiki youma yokha, kuseri kwa saluni kapena m'kacipinda ka pamsika, pa mtengo wooneka wacifundo. Cinthuco cimagwira mano oyandikana, mwini wake sangacicotse kuti atsuke, ndipo pansi pake pamaola mwakacetecete mpaka fungo litaulula. Zitsulo zosawiritsa bwino zingapatsirenso matenda a ciwindi a hepatitis B ndi HIV. Aliyense wogwira nchito ya mano m'Zambia ayenera kukhala wolembetsedwa ku Health Professions Council of Zambia, ndipo malo ake ayenera kukhala ndi laisensi. Kupempha kuona pepala limenelo si mwano.

Pali njira inanso imene mano akutsogolo amacokera, imene sitiikamba kawirikawiri pa guwa. Ena amaguluka pa ngozi za pamseu ndi pa ndeu za kumowa, koma ena amagulukira m'nyumba, ndi cibakera ca mwamuna. Mai akabwera ku Cigwirizano ndi mlomo wotupa nati anagwa pa mjigo, alongo ake amadziwa. Lamulo loletsa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi lilipo kuyambira mu 2011, ndipo kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit. Mpingo ukasonkha ndalama ya mano a mai wotere koma akulu osamuitana mwamunayo, manowo adzagulukanso. Apa ndionjezepo kanthu kothandiza kamene ambiri sadziwa: dzino la munthu wamkulu likaguluka lathunthu ndi muzu wake, ligwireni kumutu osati kumuzu, musalikwece, liikeni mu mkaka, ndipo thamangirani kucipatala ola lisanathe. Nthawi zina limabwezeredwa n'kugwiranso. Mano oyamba a mwana wamng'ono okha ndiwo sabwezeredwa.

Tsopano za shuga, pamene ife a mpingo tili ndi mbali yathu. WHO imalangiza kuti shuga woonjezera asapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu ya cakudya ca tsiku, ndipo ndi bwino koposa akakhala theka la pamenepo, pafupifupi timasupuni 6 kwa munthu wamkulu. Botolo limodzi la zakumwa zozizira lingapitirire mlingo umenewu palokha. Kuno nkhaniyi ndi yopota pang'ono, cifukwa kuyambira mu 1998 shuga wa m'Zambia amaikidwa vitamini A, ndipo makolo ambiri anakula akumva kuti shuga ndi wopatsa thanzi. Vitaminiyo ndi wofunika, koma tizirombo ta m'kamwa sitimuona, timangoona shuga. M'nyumba imene ndiwo zasowa, zigolo ndi buledi ndiye cakudya ca m'mawa, ndipo palibe amene angadzudzule mai pa zimenezo. Boma linaika msonkho wa 30 ngwee pa lita ya zakumwa zotsekemera mu 2019, n'kudzaukweza pambuyo pake, koma ndalamayo imalowa m'thumba lalikulu la boma. Pangakhale nzeru kupempha kuti gawo lake lizipita ku zipinda za mano. Cimene cili m'manja mwathu n'capafupi: maswiti amene timagawa ku Sande Sukulu ngati mphoto ya kuloweza vesi, makireti a zakumwa pa msonkhano uliwonse wa akulu, ndi tiyi wa masupuni anai pa maliro. Coononga kwambiri ndi kubwereza, kamwa likamalandira shuga kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku osapumula. Kutsuka kawiri patsiku ndi mankhwala a fluoride, makamaka pogona, n'kulavula osacukuca ndi madzi, kumateteza kwambiri. Mpingo umene umagula mabuku a nyimbo ambiri pamodzi kuti mtengo utsike ungacitenso cimodzimodzi ndi miswaci ndi mankhwala otsukira.

Mipingo si alendo pa nchito ya zaumoyo m'dziko lino. Bungwe la CHAZ lakhalapo kuyambira mu 1970, ndipo zipatala monga St Francis ku Katete, Nyanje ndi Mwami zathandiza anthu a kum'mawa kwa mibadwo. Mphamvu imeneyo ili kwambiri kumidzi. M'makomboni a Lusaka cimene tili naco ndi nyumba za mapemphero zimene zimakhala zotseka pakati pa sabata, ndi anthu mazana amene amasonkhana pa Sabata lililonse. Njira ya ART imafuna tebulo, kuwala, madzi oyera ndi katswiri wolembetsedwa. Kugwirizana ndi ofesi ya zaumoyo ya boma la Lusaka kuti akatswiri azibwera kamodzi pa temu kudzaona ana, ndi kutumiza kucipatala amene afuna zambiri, n'kotheka kuposa kumanga kiliniki. Tsiku la 20 Marici, limene dziko lonse limakumbukira umoyo wa m'kamwa, lingakhale poyambira.

Mai a ku Matero aja anathandizidwa ndi cilimba ca anzao a m'kwaya. Sanaike ulalo. Anapita kwa katswiri wolembetsedwa, amene anawaumbira mano awiri a pulasitiki pa maulendo atatu. Akuti sabata yoyamba lilime linali kupunthwa pa mau ena ndipo nsima siinali kukoma, koma tsopano abwerera kutsogolo. Pa ulendo wotsiriza katswiriyo anawaonetsa pa kalilole kabowo kena pa dzino lakumbuyo, kamene sikanayambe kupweteka, nawauza kuti abwere Laciwiri kuti akamate. Laciwiri ndi tsiku limene iwo amapita m'bandakuca kukapikula tomato ku Soweto, ndipo pamene tinali kulankhula anali asanapeze wowasiyira tebulo.